Tifunseni: AKA, bifu yake ndi Cassper, zibwenzi zake komanso zomwe zinachitika ku Durban

Mwezi uno makalata ambiri omwe alowa akufunsa za munthu mmodzi, Kiernan Forbes, yemwe tonse timamudziwa kuti AKA kapena Supa Mega. Ndasankha mafunso omwe akubwerabwera, ena ndawadula chifukwa anali aatali kwambiri.

Funso: Ankolo, ine ndinayamba kumvera AKA atamwalira kale, achimwene anga ndi omwe anandiikira nyimbo zake mu foni. Iwo amati palibe rapa wina ku Africa kuno angafanane naye. Zoona zimenezi? Anali ndani kwenikweni? Mtsikana wa Folomu 4, Zomba.

Yankho: Mwana wanga, achimwene akowo akukokomeza pang'ono koma sakunama kwambiri ayi. AKA anabadwira ku Cape Town pa 28 January 1988, ali mwana anakhalako ndi agogo ake ku Mitchells Plain kenaka nkusamukira ku Johannesburg komwe anaphunzira pa St John's College, sukulu ya ana a anthu opata. Ichi nchofunika kuchidziwa chifukwa marapa ambiri amagulitsa nkhani ya umphawi, iyeyu analibe nkhani imeneyo ndipo sananamizire kuti ali nayo. Ali pa sukulu pomwepo anapanga gulu ndi anzake awiri lotchedwa Entity, mmodzi mwa anzakewo ndi Sizwe Mpofu-Walsh yemwe pano amadziwika ndi zolembalemba komanso zokambirana za ndale. Gululo litatha AKA sanathamangire maiki, anayamba wakhala kaye kumbuyo ngati pulodyusa mu timu ya IV League, kupangira ma biti anthu ngati Khuli Chana ndi ProKid.

Apa mpamene pagona nkhani yonse kwa ine. Munthuyu asanakhale rapa wotchuka anali atadziwa kale mmene nyimbo imamangidwira, pomwe beziyo ilowere, pomwe kolasi ibwerere, pomwe pafunika kukhala chete. Ndiye chimbale chake choyamba Altar Ego chitatuluka mu 2011 chinamveka ngati cha munthu wokhwima kale, ndipo chaka chotsatira anatenga ma awadi awiri ku SAMA, ma awadi akuluakulu a nyimbo ku South Africa, kuphatikizapo ya woyimba wamwamuna wopambana onse, osati mu hip hop mokha ayi, onse. Nthawi imeneyo ku Joni anthu ankati rap ya mchingelezi siyigula, yogula inali motswako ya mchiTswana ndi kwaito ndi house, iye anatsegula khomo limenelo. Kenaka mu 2014 kunabwera Levels, ndipo ngati ukufuna poyambira yamba pamenepo. Mmenemo ndi momwe muli All Eyes on Me yomwe anayimba ndi Burna Boy, Da L.E.S ndi JR, yomwe inapata awadi ku MTV Africa Music Awards mu 2015.

Chomwe ine ndimamupatsira ulemu kwambiri nchakuti ankakumba nyimbo zakale za kwawo nkuzipatsa moyo wina. All Eyes on Me ili ndi mawu a Brenda Fassie mkati, Caiphus Song ya 2017 inamangidwa pa nyimbo ya mdala Caiphus Semenya, ndiye umapeza kuti nyimbo imodzi yomweyo mwana akuyivina ku kalabu pomwe mayi ake akuyimbira limodzi kukhitchini chifukwa akuyikumbuka kuchokera pa utsikana wawo. Anzake ambiri ankangokopera za ku Atlanta, iye ankafuna kuti ukangomva sekondi zisanu udziwe kuti iyi ndi ya ku South Africa. Pa siteji ankabwera ndi bandi yeniyeni, ng'oma, magitala, oyimba kumbuyo, osati kungokuwa pamwamba pa nyimbo yomwe DJ akuseweretsa. Zoti palibe wofanana naye mu Africa monse ndi zokambirana, a ku Ghana akuuza za Sarkodie, a ku Nigeria akuuza za M.I, a ku Kenya Khaligraph Jones. Koma pa nkhani yopanga nyimbo ya rap yomwe agogo ndi mdzukulu onse ayikonde, ine ndimamuika pamwamba.

Funso: Biggie, bifu ya AKA ndi Cassper Nyovest inali yeniyeni kapena inali bizinesi chabe yoti tizigula nyimbo zawo? Ife kuno timakangana daily, ena akuti ankagwirizana kumbali. Wa Megacy (gulu la ma fans a AKA), Ndirande.

Yankho: Aise, inali yeniyeni. Kuti inawathandiza kugulitsa nzoona, koma zinthu zomwe anachitirana si zoti anthu angagwirizane kumbali nkumaseka. Cassper, dzina lake lenileni Refiloe Phoolo wa ku Mahikeng, anaphulika mu 2014 ndi Doc Shebeleza nthawi yomweyo AKA akukonzekera kutulutsa Levels, ndiye panali mafumu awiri pa mpando umodzi. Zinayambira pa Twitter, Cassper kunena kuti nyimbo yake ndi yomwe ikulamulira dziko, AKA kumuyankha ndi ma chati kuti ayi yanga ndi yomwe ili pamwamba, ma fans mbali zonse nkuthira mafuta. Mu 2015 zinachoka pa foni kufika pa thupi, Cassper ananena poyera kuti AKA anamumenya mbama mu kalabu, ndipo iye sanabwezere. Chaka chomwecho AKA anatulutsa Composure, disi yomwe mpaka lero anthu ambiri amati ndi yoopsa kuposa zonse zomwe zinatulukapo ku Joni, Cassper nkuyankha ndi Dust to Dust.

Pa maiki AKA anawina, izi ngakhale a Cassper enieni ambiri amavomera chamumtima. Composure inali yodekha, sanakuwe, ankangolankhula ngati munthu wamkulu akudzudzula mwana ndipo ndi chimene chinapweteka. Koma Cassper anayankha njira ina yomwe AKA sanaithe, pa 31 October 2015 anadzadza Ticketpro Dome ndi anthu 20,000 popanda woyimba wa ku America womuthandiza, kenaka Orlando Stadium mu 2016, kenaka FNB Stadium mu 2017. Ndiye wina anali ndi luso, wina anali ndi khamu la anthu, aliyense ankasilira chomwe mnzake anali nacho ngakhale sakanavomera.

Pomwe ine sindinagwirizane naye AKA mpang'ono pomwe ndi mu 2020 pamene anatukwana makolo a Cassper pa Twitter pofuna kumukakamiza kuti amenyane nkhonya mu ring'i. Kwathu kuno ukakangana ndi munthu makolo ake suwakhudza, ndipo ndikhulupirira ndi chimodzimodzi kwa aTswana. Anadzapepesa pambuyo pake koma mawu anali atatuluka kale. Nkhonya zomwe anthu anadikira zaka zambirizo sizinachitike, Cassper anakamenyana ndi Slik Talk, NaakMusiQ yemwe anagonjetsa Cassper, komanso Priddy Ugly. Ndiye panadzabwera za The Braai Show, pulogalamu ya pa SABC1 yomwe AKA anayambitsa nawo mu 2020, sizoni yachiwiri anthu anangoona Cassper ndi amene akuyendetsa, AKA anaitengera nkhaniyi kwa maloya ndipo chigamulo chinatuluka choti theka la pulogalamuyo ndi lake. Munthu sulipira maloya chifukwa cha sewero.

Chinanso chomwe ambiri amaiwala, mu Composure momwemo anamubayanso Anatii pa nkhani ya mtengo wa biti, koma awiriwa anakhala pansi nkugwirizana mpaka kutulutsa chimbale limodzi mu 2017, Be Careful What You Wish For. Ndiye kukhululuka ankatha ndithu. Ndi Cassper yekha zinakanika mpaka tsiku lomaliza, ndipo AKA atamwalira Cassper analemba uthenga wachipepeso wa ulemu wake.

Funso: Achimwene, ine ndili ku Joni kuno chaka cha chisanu, ndimagwira ntchito mu shopu. Anzanga a ku Nigeria amati AKA ankadana ndi ife obwera, nchifukwa chake anayambana ndi Burna Boy. Ine nyimbo zake ndimazikonda koma izi zimandivuta mumtima. Mmalawi wa ku Mayfair, Johannesburg.

Yankho: Achimwene, funso lanu ndalimva kulemera kwake chifukwa kwa inu si nkhani ya pa intaneti, ndi nkhani yoti mukatseka shopu madzulo mukafika bwanji kunyumba. Zinayenda chonchi. Mu July 2019 Nigeria inatulutsa Bafana Bafana mu AFCON ndi zigoli 2 kwa 1, AKA yemwe mpira ankaukonda mopenga, wa Manchester United weniweni, analemba ma twiti owawidwa mtima oti kuluza kwa Nigeria kumamupweteka kuposa kuluza kwa wina aliyense. Mu September chaka chomwecho ziwawa zothamangitsa obwera zitabuka ku Johannesburg ndi Pretoria, anthu anafukula ma twiti aja nkumawazunguza ngati umboni woti amadana ndi aNigeria. Burna Boy anakwiya, analemba kuti sadzapondanso ku South Africa mpaka boma la kumeneko litachitapo kanthu, ndipo anamuopseza AKA mwachindunji kuti akadzakumana akhale ndi chitetezo chokwanira. AKA anati Burna apepese kwa anthu a ku South Africa, Burna sanapepese, shoo ya Africans Unite yomwe Burna amayenera kukayimba mu November inalephereka.

Ine sindikhulupirira kuti AKA ankadana ndi obwera. Onani anthu omwe ankagwira nawo ntchito, Burna Boy yemweyo nyimbo zingapo, Diamond Platnumz wa ku Tanzania, Kiddominant wa ku Nigeria yemwe anapanga naye Fela in Versace, komanso mwana wa kwathu Gemini Major yemwe ali pa nyimbo ya Energy ya 2020. Chibwenzi chake chomaliza Nadia Nakai mayi ake ndi a ku Zimbabwe. Koma ndikuuzaninso mbali inayo, nthawi yomwe mashopu a anthu ankaotchedwa iye anataya mphamvu zambiri kuteteza dzina la dziko lake ndi dzina lake, mmalo moyang'ana anthu omwe ankagona pa polisi ndi ana. Amalawi tikudziwa bwino zimenezi, mu 2015 boma linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu ku Durban, mu 2019 momwemo enanso anathawa mnyumba zawo ku Durban komweko. Munthu wa mawu omveka ngati iye akanatha kuchita zambiri kuposa kukangana ndi Burna za yemwe ayambe kupepesa. Mverani nyimbozo achimwene, koma kukhumudwa kwanu kuli ndi chifukwa.

Funso: Ankolo tandilongosolereni za akazi ake, ndimasokonezeka. Zinhle, Bonang, Nadia, anayamba ndani ndipo mwana uja ndi wa ndani? Mlongo wanu, Mzuzu.

Yankho: Achemwali, mwana ndi mmodzi, Kairo, anabadwa mu July 2015 ndipo mayi ake ndi DJ Zinhle. Mwana ali wakhanda awiriwa anasiyana, Zinhle nkulemba poyera kuti AKA anali pa chibwenzi chamseri ndi Bonang Matheba iye ali woyembekezera. AKA ndi Bonang anakana poyamba, anthu ambiri nkumamunena Zinhle kuti ndi nsanje chabe, koma pasanapite nthawi awiriwo anayamba kuyenda limodzi poyera mpaka anasiyana kumapeto kwa 2017. Pambuyo pake AKA anavomera kuti Zinhle ankanena zoona ndipo anapepesa, anabwererana kwa kanthawi nkusiyananso chakumayambiriro kwa 2020. Kenaka kunabwera Anele Tembe yemwe nkhani yake ndayiyankha pansipa, ndipo womaliza anali Nadia Nakai, rapa yemwe kale anali mu kampani ya Cassper ya Family Tree, ndiye mutha kuona mmene ma fans anazitengera.

Yemwe ine ndimamupatsa ulemu pa nkhani yonseyi ndi Zinhle. Anachititsidwa manyazi dziko lonse likuona, koma sanamumane mwana bambo ake, anakhalabe pafupi ndi mayi ake a AKA a Lynn Forbes, ndipo atakwatiwa ndi Murdah Bongz mabanja awiriwa anapitiriza kulera Kairo limodzi. Pa maliro a AKA, Zinhle anali pomwepo.

Funso: Bambo, mwana wanga wamwamuna wa zaka 17 wadzadza chipinda ndi zithunzi za AKA. Anzanga kutchalitchi andiuza kuti munthuyu anapha chibwenzi chake pochikankha pa hotela. Ndimuletse mwanayu? Mayi wodandaula, Area 25, Lilongwe.

Yankho: Mayi, tiyeni tiyambe ndi zomwe zikudziwika. Anele Tembe, ambiri ankamutchula Nelli, anali mtsikana wa zaka 22 wa ku Durban. AKA anamufunsira ukwati mu February 2021 ndipo mwezi wotsatira a kwawo kwa AKA anakapereka lobola. Pa 11 April 2021 Anele anamwalira atagwa kuchokera pa nsanja ya nambala 10 ya hotela ya Pepperclub ku Cape Town komwe awiriwa anagona AKA atayimba mu mzindawo. Apolisi anafufuza, ndipo mu 2022 ofesi yoyimba milandu ya boma ya NPA inati siyizenga mlandu munthu aliyense, nkhaniyo inapita ku khoti lofufuza chomwe chinadzetsa imfa. AKA sanamangidwepo kapena kuzengedwa mlandu pa imfa imeneyi. Ndiye anzanuwo akamati anamukankha akunena chinthu chomwe palibe khoti linanena, ndipo musachibwereze kwa mwana wanu ngati chilungamo.

Koma sindikunamizani kuti zonse zinali bwino mnyumba muja. Patangopita milungu yochepa kunatuluka zithunzi ndi kanema zoonetsa AKA akuthyola chitseko ndi manja kuti alowe mchipinda chomwe Anele anadzitsekera, zomwe zinachitika imfayo isanachitike. Iye anakana zoti ankamuzunza, koma pocheza ndi mtolankhani Thembekile Mrototo anavomera kuti chibwenzi chawo chinali cha mikangano yoopsa. Bambo ake a Anele pa maliro anati mwana wawo sanali munthu wofuna kudzipha, ndipo anadandaula za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo pakati pa achinyamata. AKA anayamba wasiya kaye zoyimba komanso mgwirizano wake ndi kampani ya mowa ya Cruz, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho anaulula kuti madokotala anamupeza ndi matenda a kukhumudwa kwambiri ndipo anali pa mankhwala.

Ine ndimamukonda AKA ngati woyimba mayi, koma mwamuna wothyola chitseko chomwe mkazi wadzitsekera chifukwa cha mantha walakwa, kaya ndi wotchuka kaya ndi wa ganyu, ndipo ma fans omwe amathamangira kumuikira kumbuyo pa chimenechi amandikhumudwitsa kwambiri chifukwa mtsikana uja anali mwana wa munthu, anali ndi maloto ake a zophikaphika, sanali chabe mutu wa nkhani mu mbiri ya AKA. Kumuletsa mwana wanu sikuthandiza, azikamvera kwa anzake ndipo inu adzasiya kukuuzani zinthu. Khalani naye pansi, mufunseni chomwe amamukondera, mwina akuuzani za kulimbikira ndi kudzikhulupirira ndipo zimenezo nzabwino. Kenaka mumufunse za chitseko chija, kuti iye akuona bwanji, kuti atakwiya ndi mtsikana angatani, kuti atamva mlongo wake akulira kuseri kwa chitseko chotero angamve bwanji. Pa zaka 17 ndi nthawi yake yeniyeni yoti amve funso limeneli kuchokera kwa mayi ake. Mumuuzenso kuti mwamuna akalemedwa mumtima amapita kukapeza thandizo, hip hop ya ku Joni inataya HHP mu 2018 ndi Riky Rick mu 2022, onse atalimbana ndi matenda a maganizo.

Funso: Man, ine ndine rapa ndikungoyamba kumene, ndili ndi nyimbo zinayi koma palibe akundimvera. Anzanga akuti ndidise wina wotchuka ngati mmene AKA ankachitira kuti dzina lituluke. Nditero? Mfana wa ku Chilomoni.

Yankho: Ayi mphwanga. Pomwe AKA ankatulutsa Composure anali ndi zimbale ziwiri ndi ma awadi kale, anthu anamvera disiyo chifukwa ankamudziwa. Iwe ukadisa munthu lero sakuyankha, ndipo ma pulodyusa ndi okonza ma shoo omwe amadya naye azikuthawa, msika wathu ndi waung'ono aliyense amadziwana. Ngati ukufuna kutengera AKA tengera zomwe ankachita mu situdiyo. Phunzira kupanga biti wekha, pita ukamvere Allan Namoko, Daniel Kachamba, Robert Fumulani, Michael Yekha, upeze kachidutswa komwe kangakhale pansi pa mavesi ako ndipo ukapemphe chilolezo kwa eni ake kudzera ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, usanatulutse. Unaona wekha mmene dziko linapengera Namadingo atakhala pansi ndi agogo Giddes Chalamanda mu 2020. Chuma chimenecho chilipo chambiri ndipo marapa athu sanachikhudze kwenikweni.

Funso: Ankolo, anamupha ndani AKA ndipo chifukwa chani? Pa TikTok aliyense ali ndi yankho lake. Wowerenga wanu, Kasungu.

Yankho: Usiku wa pa 10 February 2023 AKA anali ku Durban komwe amayenera kukayimba ku kalabu ya Yugo. Anadya chakudya ndi anzake pa lesitilanti ya Wish mu msewu wa Florida Road, ndipo akutsanzikana panja munthu anabwera chothamanga nkumuombera mmutu pafupi, kamera za pamalopo zinajambula zonse. Anafera pomwepo ali ndi zaka 35. Mnzake wakalekale yemwe anakhalapo manejala wake, Tebello Motsoane wodziwika kuti Tibz, naye anaomberedwa nkumwalira, ndipo apolisi anati iyeyu sanali yemwe achiwembuwo ankafuna. Mwambo womukumbukira unachitikira ku Sandton Convention Centre pa 17 February, anaikidwa mmanda a Westpark ku Johannesburg tsiku lotsatira, ndipo chimbale chomwe anali atamaliza kale, Mass Country, chinatuluka pa 24 February monga mmene iye mwini anakonzera.

Patatha chaka, mu February 2024, apolisi a ku KwaZulu-Natal motsogozedwa ndi a Nhlanhla Mkhwanazi analengeza kuti agwira anthu 7, awiri mwa iwo anagwidwira ku Eswatini. Malinga ndi apolisi, AKA anayamba kutsatidwa kuchokera pa bwalo la ndege la King Shaka, panali oombera, panali olondalonda, panali wopezetsa mfuti ndi magalimoto, panalinso wogwirizanitsa zonse, ndipo a boma anauza khoti za ndalama zoposa R800,000 zomwe zinalowa mu akaunti ya mmodzi mwa iwo nkugawidwa. Izi zikuonetsa kuti sinali ndewu ya mu bala kapena kuba, inali ntchito yolipidwa. Ngati anthu ogwidwawo ali olakwa anena ndi khoti.

Za pa TikTok zo samalani nazo. Ena amaloza Cassper, zomwe zilibe umboni ngakhale umodzi ndipo apolisi sanamutchulepo. Ena amaloza banja la Tembe chifukwa choti ndi la ku Durban, banjalo linatulutsa chikalata chokana ndi kupepesa a Forbes, ndipo kuloza anthu omwe anaika kale mwana wawo mmanda popanda umboni ndi nkhanza. Ena anafika poloza anzake omwe anali naye usiku uja pongoonera kanema wa masekondi ochepa, mpaka banja la Forbes lenilenilo linachita kupempha anthu kuti asiye. Ngati mukufuna kutsatira nkhaniyi tsatirani zomwe zikunenedwa mu khoti ku Durban komanso zomwe a Tony Forbes, bambo ake, amalankhula akatuluka mmenemo, chifukwa iwo akhala akupezeka pa mlanduwu kuyambira pachiyambi.